Matayala Ofewa a Mwaiwathu

"Amalume, chotsani dzanja pamenepo, mupsa!"

A Alufeyo anachotsadi dzanja pa chivundikiro cha injini, koma maso anawasiya pompo. Galimotoyo inali yalalanje, yaifupi moti denga lake linkawalekeza m'chiuno. Injini yake inali kumbuyo kwa mipando, malo amene galimoto za anthu wamba zimanyamulira matumba a mpunga.

"Ndiye katundu amaika pati?" anafunsa.

"Siyonyamula katundu iyi. Imanyamula anthu awiri ndi liwiro, basi."

Mwaiwathu anayankha akuseka, koma mtima unali m'mwamba. Linali Lachisanu la mu Okutobala, chaka cha 2016, pa bwalo lina lothamangitsirapo galimoto kunja kwa Indianapolis. Zaka zitatu zathunthu Mwai anazithera pa desiki m'kampani yaing'ono ya mayi wina dzina lake Joan, akujambula zitsulo pa kompyuta, anzake akupita ku bwalo. Tsikuli Joan anamupatsa galimoto yonse kuti aikonze yekha: masipuling'i, phiko lakumbuyo, matayala, zonse. Woyendetsa anali Joan mwini wake, ndipo anamuuza Mwai mosapita m'mbali. Galimoto ikazungulira bwalolo isanakwane mphindi imodzi ndi masekondi makumi anayi, Mwai akhala injiniya wa pa bwalo chaka chamawa. Ikalephera, desiki ija sinapite kulikonse.

A Alufeyo analawirira kuchokera ku South Bend kuti adzaone ndi maso awo. Mkati mwa sabata ankasamalira okalamba, koma Loweruka pakhomo pawo pankadzaza galimoto za Amalawi. Zaka makumi awiri za umakaniko ku Limbe ankazitchula ngakhale munthu atangowafunsa nthawi. Ndi iwo amene anamugwiritsa Mwai sipanala koyamba, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mayi ake akukalipa kuti mtsikana adetsa diresi.

"Nanga chithabwa chili kumbuyochi?"

"Ndi phiko la ndege, koma lozondoka," anatero Mwai, maso akuwala. "Ndege limaikweza, iyi limaikanikizira pansi. Ikafika liwiro lenileni, mphepo imaiponda ngati pakhala anthu asanu padenga. Ndi chifukwa chake imakhota osachoka pa phula."

"Eee! Mwana wa achemwali anga ameneyu!"

Kenako chimkuzamawu chinaitana oyendetsa ndi mainjiniya onse ku msonkhano wa malamulo a bwalo.

"Dikirani pompano, amalume. Chonde musakhudze kanthu."

"Ine lero ndine mlendo, manja m'thumba."

Msonkhanowo unatenga mphindi makumi awiri zokha. Mwai akanadziwa, akanawakokera amalume akewo ku msonkhano komweko, ngakhale powanyamula.

Joan analowa m'galimoto, namanga malamba, naliza injini. Phokoso lake linamveka m'nthiti. Ulendo woyamba wozungulira bwalo anauyenda mwaulemu. Wachiwiri galimoto inadutsa pamaso pawo ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya mbaula yoyaka m'nyumba, ndipo a Alufeyo analumpha, chipewa chili m'manja.

"Pita! Pita, iwe!"

Ulendo wachitatu ndiye unabweretsa tsoka. Pa kona yakuthwa ya kumapeto kwa msewu wowongoka, mbuyo ya galimoto inaterereka. Galimoto inazungulira kawiri n'kukaima pa udzu, fumbi lili koboo. Mwai anaiwala kupuma mpaka ataiona ikuyendanso, ikubwerera pang'onopang'ono.

Joan anavula chisoti. Sanavulale, komanso sanamwetulire.

"Ikuterera ngati ndili pa ayezi," anatero m'Chingerezi. "Kutsogolo sikumvera chiwongolero, ndipo mbuyo ikufuna kundipitirira. Tatsala ndi mwayi umodzi, 3 koloko. Peza vuto."

Mwai anathamangira ku kompyuta. Masipuling'i anali momwe anawasiyira. Phiko silinasunthe. Mawilo a pa bwalowo analibe timakina touza kompyuta za mpweya, choncho anagwada pa tayala lakumbuyo n'kuyesa kutentha kwa mphira. Pakati panali potentha kwambiri, m'mbali monse mozizira. Anaika geji yoyezera mpweya. Inaonetsa 45, pamene iye ankayembekeza 32.

"Wapeza?" A Alufeyo anali ataima kumbuyo kwake, akunong'ona ngati munthu wosunga chinsinsi chabwino. "Pakanapanda ine, bwenzi zitaipa kuposa apa. Matayala onse anayi anali ofewa, 24 yokha! Ndinati mwana wachita bize, waiwala. Ndawapopa mpaka 36, osauza munthu, kuti usachite manyazi kwa abwana ako."

Mwai anakhala pansi pa simenti. Anamva mkwiyo, anamvanso chisoni, ndipo sanadziwe choyamba kutulutsa.

"Amalume, ndinawaphwetsa dala."

"Dala? Iwe?"

"Galimoto iyi ikathamanga, matayala amatentha kwambiri, mpweya n'kufufuma. Ndikayamba ndi 24, ikamazungulira kachitatu mpweya umakhala wafika 32, mphira yonse itagona pa phula. Inu mwayamba ndi 36. Tayala latupa pakati, galimoto yonseyi imathamanga itaimira pa kamzere kopyapyala ngati chala."

"Tayala lofewa limaphulika, mwanawe. Ine ku Limbe ndaona malole..."

"Kuno si ku Limbe, amalume!"

Mawuwo anatuluka asanawayeze. Nthawi yomweyo Joan anatulukira, botolo la madzi lili m'manja.

"Chavuta n'chiyani?"

"Mpweya wachuluka," anayankha Mwai ataimirira. "Sindinayesenso galimoto isananyamuke. Kulakwa ndi kwanga."

Sanali kunama. Injiniya amayesa matayala komaliza penipeni, ndipo iye sanayese chifukwa cha chimwemwe. Joan anayang'ana Mwai, kenako manja akuda a bambo wachikulireyo, kenako payipi ya mpweya imene inali pansi yosakulungidwa. Sanali mwana.

"Galimotoyi lero ndi yako," anatero. "Woyandikira galimoto yako umasankha ndiwe."

Anachoka. Mwai anamvetsa bwino lomwe tanthauzo lake, ndipo anakhumba kuti akanapanda kumva Chingerezi. Kwawo mwana sathamangitsa malume ake, makamaka malume amene ayendetsa maola awiri ndi theka atavala jekete ya ku tchalitchi. Koma pa kona ija pakanakhala khoma m'malo mwa udzu, bwenzi nkhani ili ina.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "ndikupempha mukakhale kuseri kwa mpanda uko, kumene kuli owonerera."

"Ukundithamangitsa, Mwai?"

"Ndikukupemphani."

A Alufeyo anavala chipewa chawo. Anayenda osacheuka mpaka anatuluka pa chipata. Mwai anapukuta maso ndi mkono, nadikira matayala kuti azizire, kenako anawaphwetsa limodzi ndi limodzi. Lililonse analiyesa kawiri.

Itakwana 3 koloko galimoto inanyamuka. Ulendo woyamba Joan ankaigwedezera uku ndi uku kuti mphira itenthe. Wachiwiri anaitsegulira pang'ono: 1:42. Mwai anagwira wailesi yolankhulirana ndi Joan ndi manja onse awiri. Wachitatu galimoto inatsika msewu wowongoka uja ikulira mpaka mabenchi kunjenjemera, ndipo Joan anachedwa kuponda mabuleki moti Mwai anakuwa yekha. Mphuno ya galimoto inagwada, inalowa pa kona yomwe ija, n'kumamatira pa phula ngati chingamu. Sinaterereke ngakhale pang'ono. Inatuluka mowongoka, injini ikukwera mawu, n'kuzimiririka kuseri kwa kaphiri.

Mwai anawerenga masekondi ndi milomo. Galimoto itadutsa mzere, kompyuta inalemba 1:38.7.

"Yooo!" Anaponya chipewa m'mwamba, anavina pang'ono pamaso pa amakaniko a eni ake, osasamala. Mu wailesi Joan ankaseka.

"Imeneyi ndiye galimoto! Ikupita kulikonse kumene ndayang'ana. Tiyamba mu Malichi, Mwai. Desiki ija ukaitsanzike."

Mwai anathamangira ku mpanda. Anawapeza a Alufeyo atalowetsa zala mu waya, nkhope ili pafupi ndi mpandawo. Mzungu wina wokalamba amene anaima pambali pawo anamuloza.

"Ndiye mwana wa achemwali anu uja ameneyu? Akhala akundiuza za iwe ulendo uliwonse."

"Yatheka, amalume! Ntchito ija ndaipeza!"

"Ndaona." Anayang'ana manja awo. "Ndikanamupha mayi uja, Mwai. Ndi manja angawa."

"Sanavulale."

"Ndikudziwa kuti sanavulale." Anayang'ana galimoto imene inkabwerera, kutentha kukuvina pamwamba pa injini. "Tandifotokozeranso za mpweya wofufuma zija. Pang'onopang'ono, usandithamangitse."

Mwai anali asanawamvepo amalume ake akufunsa munthu za galimoto. Chipata chinali pafupi, koma palibe anachitchula. Anakhala pa udzu mbali yake ya mpanda, iwo anagwada mbali yawo ndi jekete ya ku tchalitchi yomwe ija, ndipo Mwai anayambira pachiyambi.