Miyezi Imene a Gerevazio Ankati Analipiriratu

Kalata ya ku banki inafika m'mwezi wa Juni, chifunga chitakuta phiri lonse la Dedza. Mawu ake anali ochepa: a Gerevazio sanalipire ngongole ya nyumba kwa miyezi inayi, ndipo akapanda kukaonekera mwezi usanathe, nyumbayo igulitsidwa. Mkuluyu anangoseka n'kuipinda. Anauza mkazi wake Anjelina kuti a ku banki asokoneza mabuku, chifukwa munthu amene ali patsogolo ndi chaka chathunthu sangakhale ndi mlandu.

Nyumbayo sinali nyumba wamba kwa iwo. Zaka makumi awiri anakhala pachikamwini ku Bembeke, kumene ngakhale mtengo wa mapichesi umene anadzala ndi manja awo unkatchedwa wa eni mudzi. Atatenga ngongole n'kumanga nyumba ya zipinda zitatu pa boma, anayamba kuyenda ngati munthu. Koma ngongole ankadana nayo koopsa. Ya zaka khumi, iwo ankafuna ithe m'zaka zisanu.

Chaka chapitacho kachewere anabereka mochita kudabwitsa, ndipo magalimoto a ku Lilongwe ankachita kulimbirana matumba awo. Mlamu wawo Misheck ndiye anawathira moto. Anawakumbutsa kuti mlimi amalipira zonse pokolola: fizi ya ana, lendi ya munda, mtulo wa kutchalitchi. Ukapereka za chaka chonse, palibe amakugogodera pakhomo. Banki nayo ingasiyane pati?

Mayi Hellen, amene anagwirapo ntchito ku banki asanapume, anamva nkhaniyi potuluka m'Misa ndipo anakokera a Gerevazio pambali.

"Kubweza zoonjezera si kulakwa, bambo. Chiwongoladzanja chimachepa ndithu. Koma mufunse kaye kuti ndalamazo aziwerengera bwanji, ndipo akulembereni papepala. Komanso musakathire zonse. Siyani za miyezi itatu kapena inayi pambali, ulimi sulonjeza."

A Gerevazio anathokoza mwaulemu, koma mumtima anati mayiyu wazolowera malipiro a pamwezi, za mlimi sazidziwa. Lolemba lake anakapereka ndalama zokwana miyezi khumi ndi iwiri nthawi imodzi, osafunsa kanthu. Anapitiriza kulipiranso mwezi ndi mwezi, ndipo kalikonse kotsala ankakathira komweko. Anjelina atapempha kuti asungeko za mankhwala opopera, anamuyankha kuti ndalama yogona m'nyumba ndi imene imaitana mavuto.

Mu Febuluwale mvula inagwa masabata atatu osakata. Chiwawu chinalowa m'munda, masamba n'kuyamba kuda. Anzawo anapopera, koma a Gerevazio analibe ndi ya botolo limodzi lomwe. Pamene ankapeza yobwereka, munda wonse unali utanunkha. Zinawapweteka, inde, koma za nyumba sanade nazo nkhawa. Anasiya kulipira mtima uli m'malo, ndipo mauthenga a ku banki akabwera pafoni ankangofufuta.

Tsopano ndi kalata ija m'thumba, anapempha mayi Hellen kuti awaperekeze, akaone okha a ku banki akupepesa. Kalaliki anatembenuza kompyuta n'kuwaonetsa. Ndalama zawo zonse zinalipo, palibe tambala inasowa. Zinadula ngongoleyo kumapeto kwake, moti m'malo motha m'zaka khumi ikanatha m'zaka zisanu ndi ziwiri. Koma za mwezi uliwonse zinali pomwepo, ndipo pa miyezi inayi ija panali patakwera chindapusa.

"Ndiye mundibwezereko pang'ono pa zoonjezera zija, ndilipirire miyeziyi," anatero a Gerevazio.

"Zimenezo sizituluka, bambo. Zinalowa kale."

A Gerevazio anachita manyazi, anachita mantha, ndipo analephera kuyang'ana mayi Hellen kumaso. Mayiyu sanawakumbutse kuti safunsa anadya phula. Anangopempha kuonana ndi mkulu wa ngongole, ndipo anakambirana naye mpaka masana. Banki inavomera kusagulitsa nyumbayo ngati patapezeka ndalama yodalirika yolowa mwezi uliwonse. A Gerevazio analibe mbewu, analibe feteleza, ndipo Misheck atamuimbira anangoti nayenso zinthu zamuthina. Njira inatsala imodzi, yoika munthu wa lendi m'nyumbamo kuti lendiyo izipita ku banki.

Kumapeto kwa Julayi anakweza katundu pa lole ya mnzawo kubwerera ku Bembeke. Anjelina sanawadzudzule ngakhale kamodzi. Wolowa m'nyumbamo anali mnyamata wa ntchito ya m'boma, msinkhu wa mwana wawo woyamba. A Gerevazio anamuonetsa chitseko chimene chimafuna kukankha ndi phewa, n'kumuuza kuti Loweruka abwera kudzathirira mitengo imene anadzala kuseri.

Mnyamatayo analandira makiyi n'kuwayankha mwaulemu ndithu. "Palibe vuto, bambo. Koma mukamabwera muziyamba mwaimba foni, akazi anga sakonda alendo ongotulukira."

A Gerevazio anavomera ndi mutu. Anatuluka pageti limene anawotcheretsa okha, ndipo mnyamatayo analitseka.

Phunziro: Kubweza ngongole ya nyumba mofulumira n'kwabwino, koma ndalama zoonjezera kawirikawiri zimafupikitsa zaka, sizikupumitsa kulipira mwezi ndi mwezi. Funsani musanapereke, akulembereni papepala, ndipo siyani pambali za miyezi ingapo ndi za ntchito imene imakudyetsani. Zinthu zikavuta, pitani ku banki mwezi woyamba womwewo, kalata isanakupezeni.