Osayang'ana Kamera

Lole ya makalata imafika ku Kallamurra pakatha milungu iwiri, tsiku la Lachinayi, ngati mvula sinatseke njira. Timayamba taona fumbi lake, kenako timadikira ola lathunthu isanatulukire pageti. Lachinayi limenelo fumbi linali pawiri. Ndinkayanika zovala pa waya wa mpanda, ndinapukuta maso n'kuyang'ananso. Fumbi lalikulu patsogolo, lina laling'ono likulondola m'mbuyo.

Galimoto yachiwiri kuno siibwera chabe.

Ndinasiya zovala m'beseni n'kukamunyamula Noelene pomwe ankasewera ndi tiagalu. Mwana wangayu ali ndi zaka zinayi, khungu lake n'loyererako ngati langa, ndipo ana otere boma limawatenga likaganiza kuti sakusamalidwa. Ine linanditenga ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinabwerako patatha zaka khumi, ndili ndi satifiketi ya sukulu ya asisitere, chiyankhulo chathu chitandithawa theka. Choncho ndinamusambitsa kumaso, kumupesa, n'kumuveka diresi yabuluu ndi nsapato zomwe bambo ake, Des, anamuitanitsira asanapite kokusa ng'ombe za pafamu kutchire.

"Umusupula mwanayo, Merle," anatero Mayi Ivy, ang'ono awo a mayi anga, ali khale pamgolo akusuta. "Tsiku lina adzatha ngati sopo."

"Magalimoto ndi awiri, Amayi."

Anasiya kuseka, n'kubwera kudzamumanga zingwe za nsapato.

A Clarrie, dilaivala wa loleyo, anatsika cham'mbuyo monga mwa masiku onse, mimba ikukhula chitseko. Ayendetsa makalata pa njira imeneyi zaka makumi awiri, ndipo amadziwa yemwe akudikira kalata ndi yemwe akuiopa.

"Ivy, ukadali moyo? Ndinamva kuti akhwangwala anakulawa n'kukubweza."

"Akudikira iwe, nyama ya mafuta. Fodya wanga ali kuti?"

Anatsitsa ufa, tiyi, shuga, zitini za manyuchi ndi thumba la makalata. Pondipatsa mtolo wa nsalu yomwe ndinaitanitsa, anatsitsa mawu.

"Si aboma, mwana wanga, pumako. Ndi anthu a filimu. Andilondola kuchokera kunjanji ngati ntchentche."

M'galimoto yaing'onoyo munatuluka azibambo awiri. Wamkulu, a Pettifer, anavala kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo, ndipo ankamenyana ndi ntchentche ndi manja onse awiri. Mnzawoyo anali wojambula, munthu wosayankhula, wofungatira kamera ngati khanda. A Pettifer anati akupanga filimu ya lole ya makalata, ndipo eni famu avomera kale. Anatinso atibweretsera mphatso: filimu yakale ya lole yomweyi, yomwe anthu ena anajambula zaka khumi ndi zisanu zapitazo.

"Ena a inu mulimo!" anatero mosangalala. "Mudziona nokha."

Anatilowetsa m'shedi ya zishalo masana omwewo. Anatseka mipata ya malata ndi ziguduli, anapachika nsalu ya pabedi, kainjini kakulira panja. Munali kutentha, mukununkha chikopa ndi thukuta la akavalo. Ndinakhala pafupi ndi khomo, Noelene ali pamiyendo.

Poyamba tinaseka ndithu. Lole yakale yatitimira mumchenga, a Clarrie ali owonda, tsitsi lili tho, akukumba pansi pa matayala n'kuyala malata kuti idutsepo.

"Tsitsi limenelo unaligulitsa kuti?" anakuwa Mayi Ivy.

"Linagwa chifukwa cha anthu ngati iwe."

Kenako pansalu panaoneka thanki yathu ya madzi, ndi misasa yathu. Mawu a mzungu m'filimumo ankati anthu akuno alibe kanthu, dziko linawaiwala, lole yokha ndi imene imawakumbuka. Mzimayi wina anatuluka mumsasa atanyamula chitini cha tiyi, n'kuphimba maso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa.

Anali mayi anga.

Anamwalira ndili kwa asisitere. Kwathu nkhope ya womwalira sitiiyang'ana, dzina lake sitilitchula. Mayi Ivy anadzifunda diresi kumutu n'kuyamba kulira maliro, azimayi ena anatembenukira kukhoma, azibambo anayamba kutuluka atawerama.

"Akulira ndi chimwemwe?" a Pettifer anafunsa.

"Zimitsani chinthucho, bwana," anatero a Clarrie.

Koma wojambula anachedwa kupeza pozimitsira, ndipo ine ndinayang'ana. Ndikuvomera, ndinayang'ana. Nkhope ya mayi anga ndinali nditaiiwala. Itachoka, panabwera ana akuthamangira lole, ndipo kamera inasiya ana ena onse n'kukakamira kamtsikana kamodzi kotsalira m'mbuyo, koyererako, kopanda nsapato, kovala thumba la ufa, tsitsi lili nyankhalala. Kanaima n'kumayang'ana kumbali, ntchentche zili kumaso.

Kamtsikana kameneko ndinkakadziwa. Patatha miyezi inayi filimu ija itajambulidwa, kunabwera bambo wa boma ndi chithunzi chimenechi chodulidwa m'nyuzipepala. Anatifoletsa ana tonse pathanki, n'kumayenda ndi kapepalako akufananiza nkhope. Anaima pa ine.

Titatuluka panja, a Pettifer anapepesa kwa a Clarrie, osati kwa ife. Kenako anayang'ana wotchi. Anati dzuwa likapendeka kuwala kumakhala bwino, ndiye akufuna lole ibwerere pageti ilowenso, ana aithamangire ngati m'filimu yakale ija. Maso awo anagwera pa Noelene.

"Uyu ndiye! Mayi, ndi wanu? Ameneyu akhale m'mbuyo payekha. Koma nsapatozi muvule, ndi diresiyi. Alibe kachovala kena kakale? Tsitsinso mulisokoneze pang'ono."

"Amavala chonchi, bwana."

"Akuoneka ngati akupita kutchalitchi. Anthu kutauni akufuna kuona mmene mumakhalira zenizeni."

"Zenizeni ndi zimenezi. Nsapatozi ndi zake."

Anaseka, n'kutulutsa maswiti m'thumba. "Mphindi zisanu zokha. Palibe chomwe chimuchitikire."

Ndinamukokera Noelene kumbuyo kwanga, n'kuyamba kubwerera chakumsasa. A Pettifer anakweza mawu, akusekabe.

"Mukumubisa? Munthu akhoza kuganiza kuti pali chifukwatu!"

Mwina ankangocheza. Koma anali atagwira kabuku ndi pensulo, ndipo ankabwerera kutauni komwe mawu otere amafika m'makutu a anthu. Ndikamubisa, ndine mayi wobisa mwana woyera. Ndikamuvula nsapato, ndawapangira ndekha chithunzi choti adzabwere nacho. Ndinaima pakati pa bwalo, osadziwa kolowera.

Apo m'pamene wojambula uja anayankhula koyamba. Anali ataimika kamera pamiyendo yake itatu, akusonkhanitsa ana.

"Tamverani. Thamangani, sekani, chitani chilichonse. Koma osayang'ana kamera. Wina akangoyang'ana galasi ili, gawo lonselo lawonongeka, timalitaya. Ndatsala ndi mpukutu umodzi wokha wa filimu, wina uli mamailosi mazana anayi kuchokera pano. Mwamva? Osayang'ana kamera."

Ndinamva bwinobwino.

Ndinagwada n'kumasula zingwe za nsapato za Noelene. Chingwe china chinamangika mfundo. Ndinamunong'oneza.

"Ukuliona diso lagalasi lija? Limati palibe mwana angaliyang'ane osaphethira. Ukufuna kupikisana nalo?"

"Ndikapambana ndilandira chiyani?"

"Manyuchi pa mkate, masupuni awiri. Uliyang'ane basi, osayang'ana lole, osayang'ana ine."

"Atatu."

"Atatu."

A Clarrie anabweza lole mpaka pageti. A Pettifer anatsitsa chipewa, kamera inayamba kulira ngati makina osokera, lole inabwera ndi fumbi lake, ana anathamanga akukuwa. Noelene anathamanga masitepe anayi, anaima, anatembenuka, n'kulitong'olera diso lija, manja ali m'chiuno.

"Imani! Imani! Kamtsikana, yang'ana lole!"

"Ndi mwana, bwana," ndinatero. "Sanazolowere."

Anabwereza. Ulendo uno Noelene sanathamange n'komwe. Anayenda molunjika kamera, maso ali gwa, mpaka wojambula anadzutsa mutu. Ine ndinali nditasunthira kumbuyo kwa Noelene, pomwe galasi linkafika, ndipo nanenso ndinaliyang'ana. Zaka zonse zija kwa asisitere anatiphunzitsa kuyang'ana pansi mzungu akamayankhula. Khosi linkafuna kuwerama lokha. Ndinaliletsa.

"Mayi, chokanipo pamenepo! Mukuwononga!"

Mayi Ivy anali atakhala patali chitulukireni m'shedi muja, maso ali ofiira. Anatiyang'ana ine ndi mwana, anayang'ana kamera, n'kudzuka. Anayankhula ndi azimayi m'chiyankhulo chathu, mofulumira moti ndinangotolapo mawu awiri. Kenako anabwera kwa a Pettifer akumwetulira ndi mano awo atatu.

"Yesaninso, bwana. Tikuthandizani ife. Ana amamvera akaona akuluakulu."

Kachitatu lole inalowa, ndipo palibe anaithamangira. Azimayi asanu ndi anayi, azibambo okalamba atatu ndi ana onse anaima chilili m'bwalo, onse akuyang'ana galasi, palibe woseka. Ngakhale agalu anangoti duu. Wojambula anatembenuzira kamera ku lole kuti apulumutseko kenakake, koma a Clarrie anatulutsa mutu pawindo, anavula chipewa n'kuligwedezera galasilo ngati akupereka moni kwa apongozi.

Kamera inalira pang'ono n'kusiya yokha.

"Mpukutu watha," anatero wojambula.

A Pettifer anafiira mpaka m'makutu. Anayamba ndi a Clarrie.

"Inunso? Mukudziwa mtengo wa mpukutu umenewu?"

"Ine ndi wa makalata, bwana, sindine wa zisudzo. Ndabwerera m'mbuyo katatu lero, zomwe sindinachitepo ngakhale kwa mkazi wanga. Ku Mulga Bore akudikira mankhwala a mwana omwe ndanyamula, ndikunyamuka."

Kenako a Pettifer anabwera kwa ine, kabuku kali m'manja.

"Mwachita dala zimenezi."

"Eya, bwana."

Sanayembekezere kuti ndivomera. Nanenso sindinayembekezere.

"Ife tikukuthandizani! Anthu akaona mmene mukuvutikira, amachitapo kanthu."

"Ndikudziwa. Anachitapo kanthu. Kamtsikana ka thumba la ufa kaja ndine."

Anayang'ana kushedi, anayang'ana mapazi a Noelene. Ndinaganiza kuti apepesa, koma anangonyowetsa pensulo ndi lilime.

"Dzina lanu ndani?"

Mayi Ivy anandigwira diresi kumbuyo. Kwathu dzina sitipereka kwa munthu wa kabuku. Koma ndinadziwa kuti ndikakana, akalipeza kwa eni famu, n'kulemba zomwe akufuna pambali pake. Ndinatambasula dzanja.

"Bweretsani ndilembe ndekha, mungalakwitse."

Anandipatsa, mwina chifukwa chodabwa. Ndinatsamiritsa kabukuko pa boneti yotentha ya galimoto yawo, n'kulemba ndi zilembo zopendeka zija zomwe asisitere anandikwapulira mpaka zitawongoka. Merle Kittle. Mwamuna, Desmond Kittle, wokusa ng'ombe, ali pa ntchito. Mwana mmodzi, Noelene, zaka zinayi, wathanzi, amadziwa zilembo mpaka M. Mayi ake akukana kuti ajambulidwe. Ndinalemba tsiku, n'kusayina. Tsamba lonse linadzaza, panalibe malo oti wina awonjezerepo kanthu.

A Pettifer anawerenga kawiri. Anatseka kabukuko n'kukalowa m'galimoto. Sindikudziwa ngati tsambalo analing'amba panjira kapena likadali m'kabati ina kutauni. Galimoto yachiwiri ikhoza kubwerabe. Koma chithunzi alibe.

A Clarrie analiza hutala kawiri, lole inakhota pathanki, galimoto yaing'ono ikudya fumbi lake. Zitadutsa geti, ndinangokhala pansi pomwepo. Noelene anabwera atanyamula nsapato zake m'manja, maso akutuluka misozi chifukwa cha dzuwa ndi kutong'ola.

"Amayi, wapambana ndani?"

"Iweyo."

Anaganiza kaye, n'kuweramira kukhutu kwanga.

"Komatu ndinaphethira kamodzi."

"Silinaone," ndinatero. "Bweretsa phazi."