Tiyi wa Cathy

Cathy, mwana wa achimwene anga, anabwera kuchokera ku Lilongwe mu Juni, nthawi imene mphepo ya kuno ku Bembeke imalowa mpaka m'mafupa. Anati wadzapuma. Kupuma kwake kunali kukhala pakhonde atafunda bulangete langa, chala chili pa foni. Ine ndi mwana wanga Zondiwe tinkakumba mbatatesi kudimba, koma iye khasu sanaligwireko ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lachitatu anandiuza kuti, "Anti, ndipatseniko tiyi."

Ndinasonkha moto, ndinatereka ketulo, ndinamuthirira shuga masupuni atatu. Nditamupatsa kapuyo anaseka mpaka misozi.

"Ayi anti, si tiyi ameneyu. Tiyi ndi nkhani ya munthu, yotentha, yoti ena sanaimve."

"Si miseche imeneyo?"

"Miseche ndi ya kumudzi. Ife timati tiyi."

Ndiye anayamba kundiphunzitsa, ngati kuti ndinamupempha. Anati pa intaneti nkhani iliyonse ili ndi dzina lake. Ukamafotokoza zimene zinakuchitikira, nkhope ili pa foni, ndiye sitoletayimu. Pali ina ya munthu amene amakukhuthulira mavuto ake onse usanamufunse, dzina lake lilime langa linakana. Ndipo ukalemba zoipa zako n'kupempha mwini tsamba, amene amati adimini, kuti akubise dzina, imeneyo ndi konfeshoni.

Yomalizayo inandinyansa. Ife Akatolika timalapa kwa ansembe titagwada, ndipo zimene tanena zimathera pomwepo. Awa amalapa pamsika, anthu n'kumawomba m'manja. Ndinamuuza choncho, iye anangoti ndine wachikale.

Tsono muone uchitsiru wanga. Ine yemweyo amene ndinanyoza, mawa lake ndinatsegula pakamwa.

Linali tsiku limene amuna anga, a Gerevazio, anakwanitsa chaka ali m'manda. Nkhungu inaphimba phiri lonse, kudimba sitinapite, ndipo mtima wanga unali wolemera. Cathy anatenga chithunzi cha malemuwo pakhoma, n'kufunsa mofatsa kuti bwanji Zondiwe safanana nawo. Palibe amene anandifunsapo zimenezo maso ndi maso. Ndinalira, kenako ndinamuuza zonse.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, dalaivala wina wa lole yodzagula mbatatesi anandipatsa mimba n'kusowa. A Gerevazio, amene tinkaimba nawo kwaya, anandikwatira akudziwa. Abale awo atayamba kuwerenga miyezi, iwo anati, "Mbatatesi ikamera m'munda mwako umaipalira, sufunsa amene anagwetsa mbewu." Mawu amenewa anakhala mwambi wawo, moti Zondiwe anakula akuwamva kudimba, osadziwa kuti mbatatesiyo ndi iyeyo. Ali pafupi kumwalira anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanayu umuuze wekha, ndi pakamwa pako. Asadzamve kwa anthu."

Chaka chonse ndinkangoti mawa, mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Cathy analira nane. Anandikumbatira, analumbira kuti sauza munthu. Loweruka anakwera kabaza kupita kumsewu waukulu, atanyamula thumba la mbatatesi limene ndinamusankhira ndekha.

Patapita masabata awiri, Lamulungu titabwera ku Misa, ndinali pakhonde ndikusankha nyemba. Zondiwe anatulukira kuchokera kunyumba kwake akuseka, foni ili m'manja. Ndi bambo wa ana awiri, koma akapeza choseketsa amathamangira kwa ine ngati kale.

"Amayi, tamvani za anthu a kwathu konkuno," anatero, n'kuyamba kuwerenga. "Adimini ndibiseni dzina. Konzani makapu, tiyi wa lero ndi wa ku Dedza, ndipo akuwotcha. Mayi wina wa kwaya, wooneka woyera, anakwatiwa ali kale ndi katundu wa dalaivala."

Nyemba zinali pamwendo, koma sindinkazionanso.

Anawerenga zimene anthu analemba pansi pake. Wina anati akazi a kwaya ndi choncho. Wina anati akufuna chithunzi cha mayiyo. Ena anangoika tinkhope toseka, mzere wonse. Anthu oti sanandionepo, sanadyepo pakhomo panga, ankagawana moyo wanga uku akudikira minibasi.

"Inenso ndalembapo," anatero Zondiwe monyadira. "Ndati mwamunayo anali chitsiru, anamudyetsa mankhwala. Munthu wanzeru angalere bwanji mwana wa mnzake? Dikirani, gawo lachiwiri lalowa."

Inde, gawo lachiwiri. Mwana wa achimwene anga anaidula pakati nkhaniyo kuti anthu adikire ali ndi njala.

Ndinafuna kumulanda foniyo, koma ndinachedwa. Iye anapitiriza, akusekabe. "Ndiye abale atafunsa, bamboyo akuti anayankha kuti, mbatatesi ikamera m'munda mwako umaipalira, sufunsa..."

Anathera pomwepo. Anayang'ana foni, anayang'ana ine, kenako chithunzi cha a Gerevazio chimene chimaonekera khomo likakhala lotsegula. Anatembenuka n'kutsata kanjira ka kumanda.

Ndinatenga kafoni kanga n'kuimbira Cathy. Anayankha mosangalala, kumbuyo kwake kukumveka nyimbo.

"Iwe, unalumbira," ndinatero.

"Koma anti, dzina ndabisa. Palibe angadziwe. Ndipotu yayenda kwambiri, ena akukuikirani kumbuyo. Mukanakhala ndi foni yabwino bwenzi mutapanga sitoletayimu nokha."

"Zondiwe wawerenga."

Cathy anati, "Pepani anti. Komabe mwina zathandiza, ankayenera kudziwa."

Ndinadula foni. Anabisa dzina, n'kusiya dera, kwaya, mbatatesi ndi mawu a mwamuna wanga. Kuli ngati kubisa mbuzi m'thumba, nyanga ndi mchira zili kunja. Cathy anandinyansa, anthu a tinkhope toseka aja anandinyansa, koma amene anandinyansa kwambiri ndi mayi wamkulu amene anapereka kwa mlendo wa masiku asanu zimene anakanika kupereka kwa mwana wake.

Zondiwe anabwerako dzuwa litapendeka, mawondo a thalauzi ali ndi dothi. Anakhala pansi pakhonde, osati pampando.

"Abambo ankadziwa?"

"Ankadziwa usanabadwe. Dzina lakoli anakupatsa ndi iwo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinafufuta zimene ndinalemba zija. Koma anthu makumi asanu anali atagwirizana nazo kale. Ndawatchula abambo anga chitsiru, amayi, pamaso pa dziko lonse."

Anayang'ananso pa foni.

"Amene awerenga apitirira zikwi zinayi," anatero. "Anthu a ku Mzuzu, a ku Joni, onse amva za ine. Mwiniwakene ndamva pomaliza."

Anazimitsa foni n'kuiika chafufumimba pansi. "Tsopano ndiuzeni inuyo. Muyambire poyambirira."

Ndinayamba. Ndinanena za lole, za kwaya, za tsiku limene a Gerevazio anamunyamula koyamba n'kukana kumupereka kwa azamba. Iye anamvetsera osandidula. Koma nditafika pa mawu a mbatatesi aja, amene ndinawasunga zaka makumi atatu kuti ndidzamupatse, anakweza dzanja.

"Amenewo alekeni, amayi," anatero. "Ndawamva kale."