Kamtengo Kouma pa Nazale ya Haji Fathallah

"Siyani kaye paipiyo, achemwali, ndikuyankhula nanu."

"Yankhula, sindithirira ndi makutu," anatero Nagat.

Anakoka paipi mpaka kumapeto kwa mzere wa mbande za mango, n'kubwerera, n'kuyambanso mzere womwe anali atathirira kale. Linali tsiku lachinayi chiikireni bambo awo, Haji Fathallah, m'manda. Tenti ya maliro anali ataipasula, mipando ataiunjika pageti, pabwalo pangotsala fungo la khofi wopanda shuga yemwe anthu anamwa masiku atatu. Chidzukireni Nagat sanakhale pansi. Akangoima pang'ono, manja ake ankasowa pogwira.

Mlongo wake wamng'ono, Wagdi, yemwe amagwira ntchito ku Cairo, ankamutsatira akudumpha matope ndi nsapato zake zonyezimira, envulopu ili kukhwapa.

"Injiniya wa a Galasi, ogula malo aja, afika mapemphero a masana akatha. Ine ndisayina mapepala ogulitsira nazale ino. Amayi akuti aika chala pomwe ife tagwirizana. Mwatsala inu."

"Dothi la pamanda lisanaume n'komwe, Wagdi? Manyazi unawasiya m'basi?"

"Tsiku sindinasankhe ndine. Akuti sabata ino ikatha, ndalama zomwe analonjeza azitsitsa."

Kuno ku Ismailia, mumsewu wotsata ngalande, tinalipo mabanja asanu ndi atatu a nazale. Kenaka kunabwera kampani ya ku Cairo, n'kumanga chisitolo cha magalasi okhaokha, chodzaza maluwa, mapoto ndi mbande zobwera palole, iliyonse itavala kapepala pakhosi. Tinawatcha a Galasi. Zaka zinayi zisanathe, asanu ndi awiri tinali titawagulitsa malo athu. Ine ndili m'gulu lomwelo, ndiye pakamwa ndilibe. Anatsala Haji yekha ndi mwana wake Nagat, yemwe chithereni banja lake zaka makumi awiri zapitazo sanadziwe ntchito ina koma kukwatitsa mango, kulumikiza kanthambi pa tsinde la mbande. Nazaleyo ikapita, Nagat analibe kolowera.

"Ndiye ine ndipite kuti?" anafunsa Nagat. "Ndizikalera ana ako pamwamba pa nyumba yosanja, ngati nkhunda?"

"Akuti akulembani ntchito musitolo mwawo. Yunifolomu, malipiro mwezi ndi mwezi."

"Ine? Ndizikapukuta fumbi pamasamba a mitengo ya eni?"

"Nanga pano mukudya chiyani, achemwali? Injini ya pachitsime ikukhosomola, mankhwala a amayi ndimatumiza ndine. Mbande zimatuluka pageti, koma m'nyumba simulowa kanthu. Zimapita kuti? Ndiuzeni!"

Nagat anatseka madzi, n'kuwatsegulanso. Chinamuwawa n'chakuti funso lomwelo anali atadzifunsa kambirimbiri. Mizere ankaiona ikuchepa, akafunsa bambo ake ankangoti, "Mulungu ndiye akudziwa," n'kupitiriza kunola mpeni.

"Mukakana, ndigulitsa gawo langa lokha," anatero Wagdi, mawu atatsika. "Mudzamwera chitsime chimodzi ndi a Galasi. Sindikufuna zifike pamenepo."

Mayi awo, a Tafida, anali khale pakhomo m'zovala zakuda. "Inu ana, musandikokere uku ndi uku," anatero. "Bambo anu anandisiya ndili wathunthu."

Injiniya anafika pa nthawi yake ndendende. Dzina lake anali Medhat, munthu waulemu wake ndithu, sindingamunamizire. Anapepesa maliro, anakhala pabenchi la pansi pa mpesa, analandira tiyi. Koma maso ake ankayeza malo, kuchokera kuchitsime kukafika kumpanda.

"Malo ndi chitsime titenga," anatero. "Mbandezi ayi, zilibe mapepala. Tikupatsani mwezi kuti muzichotse."

"Mitengo zikwi zitatu ndiichotse ndiiike kuti?" anafunsa Nagat. "Pamutu?"

Medhat asanayankhe, pageti panaima ngolo ya bulu. Anatsikapo mkulu wina woonda, ndevu zoyera, atanyamula kamtengo kouma m'mwamba ngati mbendera. Anali Zaghloul, mlimi wa kumidzi ya ku Fayed.

"Haji! Haji Fathallah! Tulukani, ulesi bwanji masana ano? Ndakubweretserani maliro ena!"

Palibe anaseka. Zaghloul anaona mipando younjikidwa, anaona zovala zakuda, mkono wake n'kutsika pang'onopang'ono.

"Liti?"

"Lamlungu, bambo," anayankha Wagdi. "Mtima. Anagwera pakati pa mizere apo."

"Tonse ndife a Mulungu, kwa Iye tidzabwerera." Mkuluyo anakhala pansi pomwepo padothi, misozi ikutsikira m'ndevu, kamtengo kaja akukabisa kumbuyo ngati wakaba. "Kwathu uthenga sunafike. Pepani, ana anga, pepani. Ndingobwerera."

"Bweretsani kuno," anatero Nagat.

Tonse mumsewu uno tinkadziwa lamulo la Haji: mtengo wake ukafa chaka chisanathe, bweretsa chouma chake, utenge wamoyo. Nagat analandira kamtengoko mutu uli m'mwamba, akuyang'ana injiniya.

"Muone, a injiniya, mmene timachitira ife opanda mapepala."

Anakanda khungwa ndi chikhadabo. Kouma gwa. Anatsitsa chala kufika pamene kanthambi kanalumikizidwa ndi tsinde, n'kuima pomwepo. Haji ankadula mopendeka, chilonda chachitali ngati chala, n'kumanga ndi nsalu. Apa panali podula pafupi, pa makina, ndi chipsera cha kapulasitiki.

"Uwu si wathu."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Munagula kwa a Galasi."

"Mnyamata wanga ndiye anagula, anakopeka ndi kapepala. Woyamba utafa ndinabwerera nawo kumeneko, anati risiti ili kuti, anati ndinathirira molakwa. Pobwerera ndinakumana ndi Haji pamsewu."

"Ndiye munawanamiza bambo kuti ndi wawo?"

"Kumunamiza Haji?" Zaghloul anapukusa mutu. "Anauzindikira ndisanatsike pangolo. Anati, Zaghloul, dzenje unakumba kale, ndipo dzenje silifunsa komwe mtengo unagulidwa. Uwu ndabweretsa lerowu ndi wachinayi. Si ine ndekha ayi, kwathu konse a Galasi akatifera timabwera kuno."

Wagdi anaseka, kuseka kowawa.

"Mwamva, achemwali? Ndi kumeneko zimapita! A Galasi agulitsa, bambo alira maliro. Kampani yonseyi inali ndi wantchito waulere, ife osadziwa!"

Injiniya anangoti maso m'tiyi mwake.

Nagat anakwiya. Anakwiyira munthu wakufa, ndipo palibe mkwiyo woipa ngati umenewo, chifukwa wouyankha palibe. Mbande iliyonse inali zaka ziwiri za msana wake, kudzaza dothi m'machubu, kusenza madzi injini ikafa, kugona manja akuwawa. Iye ankadya nyemba m'mawa ndi madzulo poganiza kuti a Galasi ndiwo awalanda msika, pamene bambo ake ankapukuta manyazi a a Galasi omwewo ndi thukuta lake, osamuuza n'kamodzi komwe.

Anaponya kamtengo kaja pansi.

"Pano sipatuluka mtengo. Wopatsa uja tinamuika Lamlungu." Anatembenukira mlongo wake. "Bweretsa cholembera, Wagdi. Ndatopa. Atenge, atenge zonse."

"Palibe kanthu, mwana wanga, wanena zoona," anatero Zaghloul akudzuka. Anatola kamtengo kake, n'kuyamba kutembenuza bulu.

Medhat anasolola cholembera m'thumba, n'kuchiika pabenchi. Wagdi anatsegula envulopu, anatulutsa mapepala, anawabwezeranso. Maso ake anali pangolo yopanda kanthu ija. Kenaka anaika envulopu pabenchi, n'kulowa m'mizere, nsapato zija zikumira m'matope mpaka m'zingwe. Anawerama, n'kunyamula mbande yoyamba yomwe anaifikira.

"Osati imeneyo, chitsiru iwe!" Mawuwo anamutuluka Nagat asanawaganize. "Sinagwire bwino, ikafanso. Pita mzere wachitatu, ya masamba ofiira kunsongayo."

Wagdi anatenga ya masamba ofiira, n'kukaiika pangolo. Zaghloul anathokoza mpaka mawu kumuthera, anakwera, anagwira zingwe. Koma sananyamuke. Anasendera kumapeto kwa thabwa lokhalapo, n'kupukuta malo otsalawo ndi mkono wa mkanjo wake, n'kudikira.

"Mukudikira chiyani, bambo?" anafunsa Wagdi.

Mkuluyo anayang'ana malo omwe anapukutawo, n'kugwira pakamwa.

"Iii, pepani. Chizolowezi. Haji sankandilola kudzala ndekha, ankati manja anga ndi owotcha. Ankakhala apa, tikafika n'kudzala yekha, kuthirira, kenaka n'kubwerera wapansi. Ndikati ndimuperekeze ankati buluyu watopa."

Kuchokera kwa Zaghloul kufika kuno ndi ulendo wa maola awiri kwa munthu wamphamvu. Haji anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndi mtima wodwala. Nagat anakhala pansi koyamba tsiku limenelo, pa chidebe chovundikira, n'kulira mokweza monga sanalirire ngakhale kumanda.

Wagdi anaima pakati pa ngolo ndi benchi, akuyang'ana uku ndi uku.

"Sindikuti sindigulitsa, achemwali."

"Ndamva."

"Ndikungoti dzuwa ili liiwotcha mbandeyi."

"Ndati ndamva. Tenga khasu lili pachitsimepo."

Anatenga khasu, n'kukwera. Injiniya anaimirira, cholembera chili m'manja.

"Nanga mapepalawa, mayi?"

"Mwaona nokha, wosayina wachoka," anatero Nagat akupukuta maso ndi mpango. "Malizani tiyi wanu."

Ngolo itatuluka pageti, Nagat anathamangira kumsewu.

"Chubu uching'ambe kuyambira pansi, usazule! Wamva, Wagdi? Polumikizapo pasakwiririke!"

Wagdi anakweza dzanja osacheuka. Mphepo ya kungalande inali itayamba, yotentha, yamchenga. Anatsitsa mbande ija pomwe anaiika, n'kuikhazika pamiyendo pake, pa buluku lake la ku Cairo, n'kupotoloka kuti mphepoyo izimenya msana wake.