Chipale Chimachotsedwa Pakhomo Panga

Torsten Nyström ankaphunzitsa Chiswidishi kwa anthu obwera kumene m'tauni ya Skellefteå, kumpoto kozizira kwa dzikolo, ndipo phunziro lake lapamtima linali la aneni osatchula wochita ntchito. Sabata imeneyo chitsanzo anachitola pakhomo pake penipeni.

"Chivulalire msana wangawu, chipale chofewa chogwa usiku chimachotsedwa pakhomo panga m'mawa uliwonse," anauza ophunzira ake. "Mwaona? Timangoika s kumapeto kwa mneni, basi. Wochotsayo sitimutchula."

Hodan, mayi wa ku Somalia wosadziwa kusunga mawu m'kamwa, anakweza mkono. "Nanga amachotsayo ndani, aphunzitsi?"

"Sindikudziwa. Kuno sitisuzumira anthu pazenera."

"Bodza limenelo," anatero Hodan. "Mumasuzumira, kungoti mumabisala kuseri kwa katani."

Onse anaseka, nayenso anaseka, koma mtima ukumuwawa, chifukwa ankadziwa. M'tauni yonseyo, munthu mmodzi yekha ndi amene ankaunjika chipale kumanzere kwa masitepe n'kuchiphwanyaphwanya pamwamba ndi fosholo, monga anawaphunzitsira malemu bambo awo. Anali mng'ono wake Sixten. Awiriwa anasiya kuchezerana pamene Torsten anagulitsa bwato la bambowo osamufunsa. Akakumana m'sitolo ankangogwedezerana mutu ngati aneba. Anthu akuno amatha kukwiya mwaulemu mpaka kumanda. Torsten ankamusowa mng'ono wakeyo, koma ankaopa kuti akangotsegula chitseko, ngakhale fosholo ija sidzabweranso.

M'mawa mwake anaphika khofi kusanayere. Atamva fosholo ikupala pamasitepe, anapuma kaye, kenako anatsegula.

Sixten anaima chilili, ndevu zili mbuu ndi chisanu.

"Ndimangodutsa, achimwene," anatero.

"Ndi fosholo?"

"Ndimayendera ngati ndodo. Ndakalamba."

"Lowa iwe, khofi akuzizira."

Sixten anayang'ana kumsewu nthawi yaitali. Kenako anatsamiritsa fosholo kukhoma, n'kuvula nsapato pakhomo.

Patebulo panali banzi limodzi lokha, ndipo kuno chomaliza m'mbale palibe amachitenga. Torsten analidula pakati. Sixten anatenga theka, nalidulanso pakati, n'kubwezera chidutswa china m'mbale. Anamwa khofi osayang'anana.

"Bwato lija ndinakulakwira nalo," anatero Torsten.

Sixten anatafuna pang'onopang'ono. "Linkalowa madzi," anayankha. "Koma mukanandifunsabe."

"Ndikanakufunsa."

Khofi atatha, Sixten anavala nsapato zake natenga fosholo, poti masitepe awiri anali asanapalidwe. Ali pakhomo anacheuka.

"Mawa akuti chipale chigwa chambiri," anatero. "Mugule mabanzi awiri."