Mafangasi Osamva Mankhwala ndi Makope a Mayi Chuku

Anzake a m'labu ya pachipatala chachikulu ankamutcha Mayi Chuku, chifukwa kwa zaka zisanu ndi zinayi ntchito yake inali kumeretsa mafangasi, tizilombo ta mtundu wa chuku, m'timbale tagalasi. Madokotala akatumiza magazi a wodwala, iye ankadikira kuti kachilombo kamere, kenaka n'kukathira mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akukapha ndi amene kakuwaderera. Zotsatira ankazilemba m'makope akuda ndi m'kompyuta yakale ya pakona, yomwe inkayamba yatsokomola isanayake.

A Pulofesa, mkulu wa kafukufuku wa mafangasiwo, adalamula kuti zotsatirazo zisatuluke pakhomo mpaka atamaliza pepala lawo la m'magazini ya asayansi. Pepalalo linali litatha zaka zitatu likumalizidwa.

Lachiwiri lina m'mawa, dokotala wa chipatala cha m'tauni ina adaimbira foni Mayi Chuku. Adati ali ndi odwala atatu amene fangasi yawalowa m'magazi, mankhwala omwe amadalira akungopita pachabe, ndipo wamva kuti kumeneko adakumanapo nayo. Mayi Chuku adaizindikira fangasiyo dokotalayo asanamalize kufotokoza, pakuti adaimeretsa kopitirira makumi anayi. Adamutchulira mankhwala awiri amene inkawagonjera, ndipo lamulo lija ali kulidziwa, adajambula masamba angapo a kope n'kumutumizira.

Dokotalayo adaimbanso masana, wosokonezeka. Sankatolapo kanthu. Masiku adalembedwa mwa njira zitatu, milingo ina inalibe mayina, ndipo paliponse panali zidule zomwe mwini yekha ankazidziwa, monga KK, kutanthauza kuti "kakana kufa". Adamasulirana pafoni kwa ola lathunthu. Odwala awiri adachira, wachitatu adamwalira Lachinayi.

Mayi Chuku adapita ku ofesi ya a Pulofesa kawiri kukapempha kuti zotsatira zikonzedwe ndi kuikidwa poyera. Ulendo woyamba adamuuza kuti adekhe. Wachiwiri adamufunsa ngati akufuna kuti ena akolole m'munda umene sadalime. Atatuluka, adakafukula fayilo ya kafukufukuyo n'kupeza kalata ya komiti yomwe idaloleza ntchitoyo, a Pulofesa atasainapo. Mudalembedwa kuti pakatha zaka ziwiri zotsatira ziperekedwe kwa aliyense, mayina a odwala atachotsedwa. Mlembi wa komitiyo adamutsimikizira kuti mawuwo akadali ndi mphamvu.

Kunyumba, mwamuna wake, makaniko wa mabasi, adamvetsera nkhaniyo akupukuta girizi m'zala.

"Mayi a ana, walira mvula walira matope."

"Matopewo ndiwaponda," adatero iye. "Chotsani masipanala anuwa patebulo."

Bamboyo adawachotsa akuseka, nati zaka zonsezi tebulo limenelo lakhala likudikira ntchito yaulemu. Kwa masiku anayi a Loweruka ndi nthawi zonse zopuma masana, Mayi Chuku adakopera mzere ndi mzere. Adachotsa mayina ndi malo okhala a odwala, masiku onse adawalemba mofanana, ndipo zidule zake adazimasulira patsamba lakutsogolo kuti ngakhale mlendo asafunse munthu. Atamaliza adaika zotsatirazo pa intaneti, pamalo pamene ofufuza amasungapo zotsatira kuti aliyense atenge. Dzina la a Pulofesa adaliika poyamba, lake kumapeto.

Sipadathe sabata a Pulofesa asanamve. Adalowa m'labu osavala n'chovala choyera chomwe, anthu onse n'kuweramira m'timbale tawo.

"Mudapempha kwa yani?"

"Kwa inu, bwana, kawiri," adayankha atayimirira. "Kachitatu ndidawerenga kalata yomwe mudasaina nokha."

Adamuuza kuti akazichotse tsiku lomwelo. Iye adati sachotsa, ndipo ngati walakwa apite naye ku komiti akalongosole onse awiri. Ku komitiko a Pulofesa sadapite. M'malo mwake, Lolemba Mayi Chuku adapeza kuti wasamutsidwira pazenera lolandirira mabotolo a magazi, kumene ntchito yake inali kumata manambala ndi kukangana ndi onyamula mabokosi. Zidamuwawa. Tsiku loyambalo ankati akamva chitseko cha m'labu chikutseguka, khosi linkatembenuka lokha.

Mwezi usanathe, malabu atatu a kutali adaika zotsatira zawo m'ndondomeko yake yomweyo, ndipo zidaoneka kuti kwina fangasiyo idayamba kale kukana amodzi mwa mankhwala awiri aja. Wofufuza wina adamulembera kuti wapeza mizere khumi ndi umodzi yolakwika. Adachita manyazi, koma adayang'ana m'makope, adapeza kuti munthuyo akunena zoona, adakonza n'kulemba poyera zomwe wasintha.

M'labumo munalinso kafukufuku wachiwiri, wa mafangasi a m'mapapo, yemwe zaka zake ziwiri zinali zitakwana. Anzake adamunong'oneza kuti asaputenso mavu. Iye adadikira nthawi yopuma, adatseka zenera lake, n'kukwera masitepe kupita kwa mlembi wa komiti kukapempha kalata ya kafukufuku ameneyonso.