Nyimbo ya Namuthuwa

Jailosi anawoloka mtsinje wa Muloza m'chaka cha 1907 atasenza mphasa, mkazi wake Janeti ali pambuyo ndi mphika. Katundu wawo anali yemweyo, koma Jailosi ankayenda ngati mwini ng'ombe, poti anakwatira mdzukulu wa Mwene Namuthuwa.

Namuthuwayo anali mfumu ya Alomwe kalekale, Apwitikizi asanafike kumapiri. Akuti pa chaka cha chilala anatsegula nkhokwe zake zonse kuti anthu adye, mwini wake n'kufa ndi njala atakhala pakhomo. Anthu anamupekera nyimbo, ndipo nyimboyo inali ndi mwambo wake. Inkaimbidwa pamanda pokha, akamwalira wa m'banja lake, anthu atakhala pansi, mawu akukokedwa pang'onopang'ono. Tsidya lino wa m'banjalo anali Janeti yekha.

Anapeza malo pa munda wa tiyi wa mzungu wina kufupi ndi Milonde. Kumeneko obwera ankasekedwa kuti anathawa kwawo opanda ngakhale dzina. Jailosi, munthu wosasunga mawu m'kamwa, zinamuwawa. Tsiku lina ali pamzere wolima anaimika khasu, n'kuiimba nyimbo ija kuti amve onse.

Kapitawo wawo, Bonface, anaikonda. Anaifulumizitsa pang'ono kuti igwirizane ndi makasu, ndipo mwezi usanathe munda wonse unkalimira nyimbo ya Namuthuwa.

Janeti anaimva ali kumtsinje. Madzulo sanakalipe, anangofunsa.

"Bambo, nanga ine mudzandiimbira chiyani?"

"Yomweyo, mayi. Nyimbo siitha."

Jailosi anayankha moseka, koma mumtima anachita manyazi, ndipo manyaziwo anakhala nawo zaka zinayi.

Janeti anamwalira ndi chifuwa m'dzinja la 1911. Kumanda kunadzaza anthu, chifukwa anali mayi wosamana moto kapena mchere. Mtembo utatsitsidwa, Jailosi anapempha onse kuti akhale pansi, ndipo anakhaladi. Anayamba yekha, mokoka, monga ankaimbira akuluakulu kwawo.

Anthu anaizindikira, nalandira ndi mtima wonse. Mzere woyamba unayenda bwino. Koma adzukulu okwirira manda anali atagwira kale makasu, ndipo khasu loyamba litagwa m'dothi, nyimbo inalitsatira.

"Pang'onopang'ono, abale," anatero Jailosi.

Anayesa ndithu, panalibe wochita dala. Koma manja amene alimira nyimbo zaka zinayi samva kupempha. Mapewa anayamba kugwedezeka, mawu anakwera, dothi linkagwa molingana ngati pamzere. Dzenje limene likanatenga nthawi linadzaza nyimbo isanabwerezedwe kachitatu.

Pobalalika, Bonface anamugwira paphewa kuti amutonthoze.

"Musadandaule, achimwene. Mwaona mmene watchukira Namuthuwa wanu? Ngakhale ana akumudziwa."

"Kodi mukudziwa kuti anali ndani?"

Bonface anaganiza pang'ono. "Si uja ankalima msangamsanga?"

Jailosi anadikira mpaka onse atapita, nakhala pansi pambali pa mtumbira, dzuwa likuwomba pathanthwe la phiri.

"Mayi, tsopano ndikuimbirani bwinobwino," anatero.

Anayamba mokoka, misozi ikutsika. Anafika pakati asanaone cholakwika. Kenako anayang'ana pansi, n'kuona phazi lake likugunda dothi mofulumira, monga limagundira pamzere. Anayambiranso kawiri, katatu, koma kaimbidwe kakale kaja kanali katamuchoka nayenso.